Mzere Umodzi Woyera

Wakubayo sanathyole chitseko, sanadumphenso mpanda. Telala anamutsegulira yekha, n'kumupatsa mpando, mpaka kumufunsa ngati angamwe madzi. Zimenezi n'zomwe zinkamudya mtima pambuyo pake.

Telala anali mayi wosoka zovala pabalaza pa nyumba yawo. Ankakhala ndi bambo ake okha, m'nyumba ina mwa nyumba zakale za kampani, zija zomangidwa mofanana kuyambira pageti mpaka kubafa. Mdalayo anagwira ntchito kukampaniko mpaka miyendo inawakana. Tsopano ankangokhala pabedi, chifuwa chikulira, koma pakamwa pokha panali pa mnyamata. Chipinda chawo chinagundana ndi bafa, ndipo pamwamba pa khoma lapakati amisiri anasiya chibowo cholowera mpweya. Chibowocho ndiye chinali foni yawo.

"Iwe, ukusamba kapena ukuthirira dimba?" ankakuwa mdalayo Telala akachedwa m'bafa.

Mavuto anabwera ndi achimwene ake a Telala, omwe ankakhala kutali ndipo ankafika mwa apo ndi apo ndi galimoto yonyezimira. Ulendo uno anabwera ndi akazi awo. Alamuwo analowa m'bafa, n'kutuluka atagwira mphuno.

"Alamu, mizere ya m'bafamu yada bii ngati kunsi kwa poto. Ndiye mukudabwa kuti mdala akutsokomola?"

Sananame. Simenti yoyera ija amathira m'mipata ya matailosi inali itada ndi ndere komanso ukalamba.

"Mwezi ukatha tibweranso," anatero achimwenewo. "Tikapeza zili chonchi, bambo tikuwatenga."

"Mutenge ndani?" anakuwa mdala kuchipinda. "Ndine thumba la makala ine? Muno ndidzatuluka m'bokosi!"

Achimwene anaisiyira pomwepo nkhaniyo, poti bambo awo ankawaopabe. Koma Telala mantha anamulowa. Mwamuna anamusiya kalekale, ana analibe. Pa dziko lonse lapansi anali ndi makina osokera ndi nkhalamba yolongolola ija basi. Anakwecha mizereyo ndi sopo, anayesa phulusa, anayesa mandimu, mpaka zala zinasupuka. Mizere inangomuyang'ana.

Loweruka lina m'mawa panagogoda bambo wina wochepa thupi, wovala ovolosi yabuluu. Kumanja ananyamula ndowa, ndipo m'thumba la pachifuwa munali mswachi, mmene ena amaikira cholembera.

"Sindikugulitsa kanthu, mayi," anatero mwaulemu. "Nyumba izi ndimazidziwa, mabafa ake anatopa. Ndiloleni ndikuyeretsereni mzere umodzi wokha, waulere. Mukapanda kukhutira simudzandionanso."

Anasankha mzere wa pamwamba pa mpopi, pomwe diso limafikira munthu akangolowa. Anaviika mswachi m'kabotolo, n'kukwecha pang'onopang'ono. Atatsukuluza, mzere unangoti mbee. Sanapemphe kalikonse. Anangoti, "Ndidzadutsanso," n'kunyamula ndowa yake.

Mzere umenewo sunamupatse mtendere Telala. Kale yonse inali yakuda mofanana ndipo maso anali atazolowera. Tsopano umodziwo unkaneneza inzake yonse. Akalowa kukasamba unkamuyang'ana, akatuluka unkamutsatira mpaka pamakina. Choncho Wamswachi atagogodanso Lachiwiri cha m'ma naini, Telala anamulandira ngati m'bale wochokera kutali.

"Mankhwala anga ndi aukali," anatero munthuyo. "Pamafunika nyumba ikhale yopanda munthu kwa kanthawi."

"Bambo anga sayenda."

"Ingowatsekerani chitseko, palibe vuto." Anakanda mzere wina ndi msomali, n'kupukusa mutu. "Apa simenti yafumbwa, pafunika yatsopano. Thamangani kuhadiweya mukagule paketi ya simenti yoyera, ine ndikhale ndikunyowetsa."

Telala anatseka chitseko cha bambo ake, koma za chibowo chija sanaganizeko n'komwe.

"Ukupita kuti?" anafunsa mdala.

"Ndibwera pompano, ababa."

Hadiweya yapafupi inalibe simentiyo. Anakaipeza kumsika waukulu, ndipo pobwerera dzuwa linali pamutu. Fungo linamuchingamira pageti, fungo lobaya m'maso. Chitseko chinali chosatseka. Pabalaza, pomwe pankakhala makina, panangotsala kadontho ka mafuta. Nsalu za makasitomala, simbi, wailesi, zonse zinali zitapita. M'bafa pansi ponse pankachita thovu.

"Ababa!"

Zii.

Chitseko cha bambo ake chinali chokhomedwa ndi mpiringidzo, kunja. Atachitsegula anawapeza pansi, atakwawa kuchoka pabedi mpaka pakhomo. Milomo inali itatuwa, zikhadabo zitathyoka ndi kukanda thabwa. Anawakokera panja akutsokomola nayenso, akukuwa kuti aneba amuthandize.

Kuchipatala dokotala sanazungulire.

"Wina wasakaniza asidi ndi mankhwala oyeretsera zovala. Mpweya wake umawotcha kukhosi ndi mapapo. Moyo mwina apulumuka. Koma za mawu, sindikulonjezani."

Achimwene anafika madzulo omwewo. Sanamupatse n'komwe moni.

"Aneba akuti chitseko chinali chokhoma kunja. Umawatsekera bambo ngati mbuzi?"

"Si ine, achimwene. Ndi munthu uja."

"Munthu uti? Dzina lake ndani? Amakhala kuti?"

Telala munthuyo anamupatsa mpando ndi madzi, koma dzina sanamufunse.

"Wamwetsa bambo utsi pofuna kutionetsa ukhondo, kenako wabisa makina kuti tizikumvera chisoni," anatero achimwene. "Akangotuluka muno, ndikuwatenga."

Kupolisi Telala anapeza Sajeni, bambo wonenepa wa maso otopa, yemwe ankamvetsera uku akuthamangitsa ntchentche.

"Munthuyo ndi wooneka bwanji?"

"Wochepa thupi, wa ovolosi. Amayenda ndi mswachi."

"Mswachi ndili nawo inenso, mayi. Alipo anamuona?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Mankhwala oyeretsera zovala m'nyumba mwanu alimo?"

"Alimo."

"Mwaonatu. Achimwene anu abwera kale kuno, ndipo zomwe anena sizikukukomerani. Musachoke m'tauni muno."

Telala anabwerera kunyumba. Anatsegula mawindo onse, n'kuthira madzi ambirimbiri m'bafa. Pansi panali patayera, inde, koma asidi anali atadya simenti yonse, m'mipata mutatsala maenje. Anakhala pamphepete pa ndowa n'kulira mpaka mutu kuwawa. Ankalira chifukwa cha bambo ake, ankaliranso chifukwa cha kupusa kwake. Atakweza maso, mzere uja wa pamwamba pa mpopi unali pomwepo, uli mbee.

Anauyang'anitsitsa. Munthu uja sanamunyengerere, sanamukakamize. Anangosiya mzere kuti umugwirire ntchito, iye n'kudzabwera zinthu zitapsa. Ngati ndi mmene amachitira, ndiye kuti penapake m'nyumba zofananazi munali bafa lina lakuda lokhala ndi mzere umodzi woyera, ndi mayi wina amene ankaudikira mswachi ngati mvula.

M'mawa anakamuuza Sajeni. Mkuluyo anaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Mukufuna apolisi tisiye ntchito tizikayendera mabafa a anthu? Mayi inu, pitani mukadwazike matenda."

Ndiye anayamba yekha. M'mawa ankapita kuchipatala kukapukuta bambo ake ndi kuwatembenuza. Mdalayo ankamuyang'ana, milomo ikugwedezeka, koma pankangotuluka kamphepo. Masana ankayenda khomo ndi khomo, msewu ndi msewu.

"Odi! Pepani, ndingaone nawo bafa lanu?"

Palibe pempho lomwe anthu amadana nalo ngati limeneli. Munthu akhoza kukuonetsa chilonda cha pantchafu, koma osati bafa lake. Ena ankamutsekera chitseko pamphuno. Ena ankati ndi wa zaumoyo wobwera kudzawalipiritsa. Mayi wina anamuuzira galu. Ana anayamba kumutsatira akuimba kuti wamisala wa mabafa wabwera. Nsapato zinang'ambika, makasitomala ankamuimbira foni kufuna nsalu zawo, ndipo mwezi unkapita kumapeto.

Kumsewu wa kuseri kwa tanki ya madzi anapeza mayi wina wokalamba yemwe atamva za mswachi anayang'ana pansi.

"Lowani," anatero motsitsa mawu. "Ine ananditengera wailesi ya kanema ndi mabulangete. Anandituma simenti yoyera."

"Munakanena kupolisi?"

"Ndikanene kuti chiyani, mwana wanga? Kuti bafa langa linali lauve mpaka ndinapereka nyumba kwa mlendo? Ana anga ndinawauza kuti akuba anathyola zenera."

Anapezanso wina wotero, mphunzitsi wopuma ntchito, yemwenso anabisa nkhaniyo chifukwa cha manyazi. Telala anaona kuti nyumba zoberedwazo zinkatsetserekera kumunsi, ku misewu ya kufupi ndi njanji. Anatsata komweko.

Lachinayi masana anagogoda pa nyumba ya mayi wina wogulitsa mazira, wamtali, wa mawu ngati belu. Pakhonde panali mathireyi ounjikana mpaka pazenera.

"Bafa langa mulitani? Lanu lagwa?"

"Kunabwera munthu wa mswachi kuno?"

Mayi Mazira anasintha nkhope. "Ngati mukufuna akuyeretsereni inunso, mudikire. Ine ndinayamba."

Telala sanapemphenso. Anamudutsa m'khwapa n'kulunjika kubafa, poti njira ankaidziwa, nyumbayo inali chimodzimodzi ndi yawo. Mizere yonse inali bii. Pamwamba pa mpopi panali umodzi woyera. Telala anatembenukira mwini nyumbayo.

"Anati abwera liti?"

"Mawa m'mawa. Kodi mayi inu mwatani?"

Telala anamufotokozera zonse. Mayi Mazira anamvetsera atagwira pakamwa, kenako analoza chipinda chogundana ndi bafa.

"Mmenemo mumagona mwana wa mng'ono wanga, wakhanda. Mayi ake akapita kuntchito amandisiyira ine."

Madzulo amenewo anapita kupolisi anayi: Telala, Mayi Mazira, gogo wa mabulangete ndi mphunzitsi uja. Mayi Mazira ndiye ankalankhula, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kumsewu. Sajeni anasiya kuthamangitsa ntchentche.

"Chabwino," anatero. "Koma akapanda kubwera, mayi Telala, mugona muno ndinu."

Lachisanu kutacha khanda analipititsa kwa aneba. Sajeni, atavala zovala wamba, analowa m'chipinda chija n'kukwera pampando kuti azisuzumira pachibowo. Wapolisi mnzake anabisala kuseri kwa nyumba. Telala anakhala pakhonde la nyumba yoyang'anana nayo, atadziphimba kumutu.

Cha m'ma naini anatulukira, ovolosi yomweyo, ndowa yomweyo, mswachi pachifuwa. Anagogoda mwaulemu. Sipanatenge nthawi, Mayi Mazira anatuluka ndi kachikwama, ulendo wokagula simenti yoyera. Anakhota pakona n'kuima.

M'bafamo Wamswachi anatulutsa mabotolo awiri, n'kuwakhuthulira pansi onse pamodzi, iye atadzimanga kansalu konyowa pamphuno. Anatseka bafa. Podutsa pa chipinda chija anakankha mpiringidzo mwachizolowezi, osayang'ana n'komwe, n'kupita pabalaza kukazula wailesi ya kanema.

Utsi unakwera n'kulowa pachibowo, n'kumupeza Sajeni maso ali pomwepo. Mkuluyo anagwa pampando. Anathamangira kuchitseko, n'kupeza chokhoma. Anamenya ndi phewa akutsokomola ngati atulutsa mapapo, ndipo kachitatu chitseko chinathyoka.

Wamswachi anaponya wailesi n'kuliyatsa liwiro. Pakhonde anawomba mathireyi, mazira n'kumwazika, ndipo anaterereka n'kugwa chagada. Asanadzuke, Telala anali atamugwira kale kolala ndi manja onse awiri. Wakubayo anamumenya chigongono pakamwa, koma mayiyo sanasiye mpaka wapolisi wachiwiri anafika ndi unyolo.

Sajeni anatuluka chokwawa, misozi ndi mamina zili chuchuchu. Atapeza mpweya anamuyang'ana womangidwayo.

"Chibowo chija umachidziwa?"

"Nyumba zonsezi n'zofanana, bwana. Ndani sachidziwa?"

"Ndiye unkadziwa kuti utsi ulowa kwa mdala uja."

Wamswachi anazindikira kuti wadzigwiritsa yekha.

"Makina a mayiwa ali kuti?"

"Ndinagulitsa tsiku lomwelo. Wogulayo sindimudziwa."

Telala za makina sanazimve n'komwe. Anayandikira, magazi akutuluka pamlomo.

"Munawamva akuitana?"

Munthuyo anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa. Bambo anga munawamva?"

"Ndinawamva."

"Ankati chiyani?"

"Ankaitana inu. Ankati munanena kuti mubwera pompano."

Telala anakhala pansi, pamazira oswekawo, ndipo Mayi Mazira anamugwira mapewa. Sajeni anachotsa chipewa, n'kunena ndi mawu osasa kuti, "Mayi, mutikhululukire."

Mlandu sunachedwe. Atamva kuti wagwidwa, anthu ena omwe anabisa manyazi awo anatulukira, ndipo Sajeni anaperekera umboni akutsokomolabe. Khoti linamupeza Wamswachi wolakwa pa kuba ndi kuvulaza munthu modetsa nkhawa, n'kumulamula kukakhala kundende zaka zisanu ndi zinayi akugwira ntchito yakalavulagaga.

Telala anathamangira kuchipatala kukawauza bambo ake. Mdalayo anamvetsera, n'kumufinya dzanja. Anayesa kulankhula, khosi linangolira ngati chitseko chadzimbiri. Dokotala anati mawuwo sadzabwereranso.

Komabe mayiyo sanataye mtima msanga. Paketi ija ya simenti yoyera inali ikadali pawindo. Anakolopola yakale yonse ndi msomali, anakanda yatsopano m'mbale, n'kumaikanikiza m'mipata ndi chala, mzere ndi mzere, mpaka khungu la chalacho linatha. Anapukuta matailosi ndi siponji yonyowa. Ankadziuza kuti achimwene akaona bafa ili, akamvanso za chigamulo, asintha maganizo.

Tsiku lotulutsa mdala m'chipatala, galimoto yonyezimira ija inaima pageti. Mdalayo anali kumpando wakumbuyo, atafunditsidwa bulangete. Sanawatsitse. Anangobwera kudzatenga zovala zawo.

"Achimwene, khoti lanena kuti si ine."

"Ndamva. Koma chitseko unamutsegulira ndiwe. Ndipo uwadyetsa chiyani, makina ulibe?"

"Afunseni eni ake. Ababa, auzeni! Auzeni zija mumanena zija!"

Mdalayo anatsegula pakamwa. Mitsempha ya m'khosi inatupa, maso anafiira, dzanja linakanda galasi. Panatuluka kamphepo basi.

"Waona, sakukana," anatero achimwene, n'kutseka buti.

Alamu anapempha kulowa m'bafa ulendo usanayambe. Anakhalamo kanthawi, n'kutuluka akupukuta manja, nkhope ili ngwee.

"Koma ndiye mwayeretsatu, alamu! Mwaona? Mukafuna mumatha."

Galimoto inanyamuka. Telala anaima pageti mpaka fumbi linakhazikika, kenako analowa m'nyumba. Pabalaza panalibe choti agwire, kuchipinda kunali bedi lopanda zofunda. Analowa m'bafa n'kutsegula mpopi, osavula n'komwe. Mizere yonse inali mbee, moti uja woyamba sakanathanso kuuloza. Anasiya madzi akutayika nthawi yaitali, maso ali pachibowo, kudikira kuti wina amufunse ngati akusamba kapena akuthirira dimba.